Kompyuta Yosaperekeza Alendo

Kuseri kwa mapiri amene sapezeka pamapu a kusukulu kuli ufumu wotchedwa Palibekanthu. Anthu ake ndi aulemu kwambiri moti mukamuponda munthu, iyeyo ndiye amayamba kupepesa kuti phazi lake linali panjira. Koma mwambo wawo waukulu, umene mwana amayamwira limodzi ndi mkaka, ndi wakuti vuto silinenedwa pansi pa denga. Amati denga likamva vuto limayamba kudontha. Mlendo amafika, kupatsidwa mpando, kufunsa za mvula ndi za ana, n'kunena kuti kwawo zonse zili bwino ngakhale wasiya nyumba ikupsa. Mwininyumba nayenso amayankha chimodzimodzi. Kenako mlendo amatsanzika, mwininyumba n'kumuperekeza. Akafika pobwererana, pamene pamutu pali thambo lokha, wina amakanda m'khosi, kuyang'ana kumbali, n'kuti, "Koma pali kamodzi." Nkhani imayambira pamenepo.

Ezelina Mkwapata ankagwira ntchito pachipatala chachikulu cha Pirirani, mu ofesi yothandiza anthu ovutika, imene aliyense ankangoti kwa a Sosho. Madokotala akamaliza kusoka ndi kubaya, zotsala zonse zinkabwera kwa iye: wosowa chokwera chobwererera kwawo, mayi wobereka amene analibe ngakhale nsalu yofunditsa khanda, gogo amene abale ake anamusiya pabedi n'kuiwala njira ya kuchipatala. Ezelina anali wamanyazi, mtundu wa anthu aja amene m'kalasi amadziwa yankho koma mkono umalemera. Mwina n'chifukwa chake anthu ankamumasukira, poti sankawayang'ana m'maso. Ntchito yake yambiri ankaigwira ndi miyendo, kuchokera pa ofesi kukafika kugeti, ndipo nsapato zinkamuthera msanga kuposa zolembera.

Mfumu ya dzikolo inali Ndamvakale Wachinayi. Chaka china inapita kunja kukaonetsa dzino, n'kukapeza kuti kumeneko ngakhale mavuto a anthu amasungidwa mu kompyuta. Itabwerako inaitanitsa nduna zake zonse.

"Bwanji mavuto a anthu anga angomwazika ngati nkhuku zopanda khola?" inafunsa. "Ine ndikufuna ndikadzuka m'mawa ndizidina kamodzi, n'kuona amene akuvutika."

Nduna Yodula Maliboni, a Mpandamachokero, anaimirira n'kuwomba m'manja. "Mwinidziko, maganizo amenewa ndinali nawo inenso, koma ndimadikira kuti muyambe kuwaganiza ndinu."

Lamulo linatuluka tsiku lomwelo. Kuyambira pamenepo, palibe bulangete, sopo kapena chikuku chimene chikanatuluka mosungira katundu wa a Sosho popanda kapepala kochokera mu kompyuta. Popeza antchito a boma sakhulupirika, kompyutayo sinayenera kutulutsa kapepala pokhapokha wovutikayo atadinda yekha ndi chala chake. Popeza ovutikanso sakhulupirika, kompyutayo inayenera kukhomeredwa patebulo ndi mabawuti.

Ntchito yokonza zimenezi anapatsidwa a Welosi Kachigwada, mnyamata wophunzira kwambiri za makompyuta kunja, wa magalasi ndi tayi wopyapyala. Anabwera kwa a Sosho kudzafufuza mmene ntchito imayendera. Ezelina anawapatsa mpando.

"Achemwali, pali chilichonse chimene chimakuvutani pantchito panu pano, choti ndichiganizire?"

"Ayi, bwana. Zonse zimayenda bwino."

Mumtima anali atakonzeratu zonse zoti akawauze panjira, kuyambira za geti. A Welosi anatsanzika. Ezelina anadzuka kuti awaperekeze. Koma galimoto ya boma inali itabwerera cham'mbuyo mpaka kukhudza khonde, dalaivala atatsekula kale chitseko, poti akuluakulu a ku Palibekanthu saponda fumbi. A Welosi anachoka pansi pa denga la khonde n'kulowa pansi pa denga la galimoto. Ezelina anatsala chiimire, "koma" wake ali kukamwa, mpaka utsi unatha.

Patapita miyezi, kompyuta inafika. A Mpandamachokero anadula liboni, analankhula mpaka odwala ena anachira n'kupita kwawo, kenako anavundukula nsalu. Pagalasi panali funso limodzi, ngati la mayeso osankha yankho: Kodi muli ndi vuto? Pansi pake panali malo awiri odindapo, ena olembedwa kuti Ndili nalo, ena kuti Ndilibe.

Anthu ankabwera monga kale. Ankakhala pampando, kupereka moni kwa Ezelina, ena kuperekanso kwa kompyuta, n'kudinda pa Ndilibe mwaulemu wonse. Kompyuta inkalira kamodzi n'kulemba kuti Zikomo, pitani bwino. Ezelina akawaperekeza kugeti, amvekere, "Koma pali kamodzi, amayi." Iye ankamvetsera, n'kuwapempha kuti abwerere akadinde. Ankabwerera ndithu, koma akangodutsa pakhomo nkhope inkasintha.

"Ayi, amayi, zija tinkangocheza."

Ezelina anayesa kuchotsa mpando, anthu n'kumakhala pansi. Anayesa kutsekula mawindo onse kuti muzioneka ngati panja. Gogo wina anakweza maso, n'kuona malata, n'kudinda pa Ndilibe. Mosungira katundu munayamba kulowa akangaude, ndipo wosunga makiyi ake, a Fulaye, ananenepa chifukwa chosowa chochita.

Mwa anthu amene ankabwera masiku amenewo munali a Sandalamu, bambo wokhoma zidebe wochokera ku Kutalinkomwe. Matenda a shuga anawadulitsa mwendo wakumanja, ndipo wakumanzere unkangotsatira mwaulemu, wopanda mphamvu. Kuwodi anali atawatulutsa kale, choncho ankagona kunja kwa geti, pakhumbi la odikirira odwala, kuyembekezera lole ya kwawo imene inkabwera Loweruka loyamba la mwezi. Ankayenda ndi ndodo yobwereka imene mwini wake ankaifuna. Mtunda wochoka pa ofesi kufika kugeti, umene mwana angathamange atapuma kamodzi, iwo ankaupumira katatu.

"Koma pali kamodzi, mwana wanga," anatero tsiku lina atatsamira chipilala cha geti. "Kwathu lole imatsitsira pamsika. Kuchoka apo kukafika kunyumba ndi ulendo. Ine kukwawa sindikuopa ayi, maondo ndili nawo, limodzi ndi theka. Koma zidzukulu zanga zikandione ndikufika chokwawa ngati ng'azi?"

"Zikuku zilipo, bambo. Zangokhala umo, zina zikadali m'mapulasitiki. Mungodinda pa Ndili nalo basi."

"M'nyumba?"

"Ndi ofesi, bambo."

"Ili ndi denga?"

Ezelina anayang'ana pansi.

"Ndiye ukufuna malata a boma adonthe chifukwa cha ine? Ndinakhoma zidebe zaka zonsezi, ndikudziwa kuvuta kwake kwa kutseka podontha."

Lachitatu la sabata imene lole inkayembekezeka, mfumu inadzuka m'mawa n'kudina kamodzi monga inkafunira. Pagalasi lake panatuluka kuti mwa anthu onse amene anafika kwa a Sosho chiikireni kompyuta, wovutika panalibe ndi mmodzi yemwe. Inaitanitsa nduna.

"Makolo anga analimbana ndi umphawi ndi makasu, osautha. Ine ndauthetsa ndi chala."

Nduna zinawomba m'manja mpaka zikhato kufiira. A Welosi analipo, atakhala kumapeto kwa benchi. Mfumu inawafunsa ngati makinawo anali ndi vuto lililonse. Iwo anayang'ana denga la nyumba yachifumu, lalitali, lopakidwa golide, n'kunena kuti zonse zili bwino.

Anagwirizana kuti Lolemba lotsatira likhale Tsiku Lokondwerera Kutha kwa Mavuto, ndipo nduna zonse zigube kuchokera kunyumba yachifumu mpaka kubwalo la masewero. Apa Nduna ya Zachuma inatsokomola n'kukumbutsa anzake kuti mtundawo ndi wautali, ndiponso kuti ndi mwezi wa dzuwa.  Kenako a Mpandamachokero anamwetulira.

"Mwinidziko, kuchipatala kuli zikuku zimene abwenzi akunja anatipatsa. Ndinaziwerenga tsiku lodula liboni, zikukwanira nduna zonse ndendende. Popeza olumala ovutika atha, si bwino katundu wabwino aziwola."

Analamula kuti galimoto ya kunyumba yachifumu ikatenge zikukuzo Loweruka m'mawa.

Nkhaniyi inafika kumsika wa Onjezanipo wailesi isanaiulutse. Msika umenewu ulibe denga, ndipo aliyense amakhala akutsanzika, choncho ndi malo okhawo mu ufumu wonse kumene anthu amalankhula zimene akuganiza. Mafumu onse anayi a dzina la Ndamvakale analonjeza kuufolera, ndipo ndi lonjezo lokhalo limene anthu ankapemphera kuti lisakwaniritsidwe.

"Mwamva? Akuti umphawi watha."

"Wathera kuti? Kwathu sunatsanzike."

"Mwina wangopita kukasamba."

Ezelina anafika Lachinayi masana kwa azakhali ake, a Nankhoma, ogulitsa zitumbuwa pafupi ndi okonza mawailesi. Anakhala pa ndowa yovundikira n'kufotokoza zonse, maso ali pa chiwaya.

"Ndiye iwe ukulira chiyani?" anatero a Nankhoma akutembenuza zitumbuwa. "Mlendo akakana kulankhula m'nyumba timatani?"

"Timamuperekeza."

"Nanga kompyuta yakoyo inabadwira kuti yosaperekeza alendo? Ilibe mwambo?"

"Anaikhomera patebulo, azakhali. Lamulo likuti isachotsedwe."

"Tebulolo analikhomera pati?"

Ezelina anakweza mutu.

Lachisanu m'mawa kuchipatala kunaoneka zachilendo. Anyamata anayi onyamula katundu kumsika ananyamula tebulo, kompyuta ili pamwamba ngati mkwatibwi. Okonza mawailesi anabwereketsa nthambo zawo za magetsi, zoyera, zakuda, zina zomatidwa ndi pulasitiki, n'kuzilumikiza imodzi ndi inzake kuchokera mu ofesi, kudutsa pakhonde, kulambalala thanki ya madzi. Patsogolo pankayenda a Sandalamu ndi ndodo yawo, Ezelina pambali pawo, tebulo likutsatira pang'onopang'ono. Iwo akapuma, tebulo linkapuma. Odikirira odwala anasiya miphika pamoto. Anamwino anasuzumira m'mawindo. Ena ankaganiza kuti ndi maliro a munthu wamkulu ndipo anavula zipewa.

Nthambo inakwanira mpaka kugeti, kutsala pang'ono pokha. Koma dzuwa la mwezi umenewo linawala pagalasi moti sipankaoneka kanthu, munthu ankangodziona yekha nkhope. Mayi wina wachifundo anatambasula ambulera yake yaikulu, n'kuphimba kompyuta pamodzi ndi a Sandalamu.

A Sandalamu anayang'ana m'mwamba.

"Ichi n'chiyani?"

"Ambulera, bambo."

"Mvula ikagwa imalowa?"

"Ayi."

"Ndiye ndi denga."

Anachotsa ambulera. Galasi linachitanso mbuu. Anyamata anazungulira tebulo kuti apange mthunzi ndi matupi awo, anthu ena n'kuwonjezekera, mpaka zilembo zinayamba kuoneka. A Sandalamu anatembenuka, n'kuona khamu lonselo litawaunjirira, makosi atatalika, ana atakwera pampanda.

"Mwana wanga," anatero motsitsa mawu, "woperekeza amakhala mmodzi. Uwu ndi msonkhano." Anatambasula dzanja, n'kudinda pa Ndilibe. Kompyuta inalira kamodzi n'kuwafunira ulendo wabwino.

Ezelina anamva manyazi amene sanawamvepo chibadwire. Munthu wamanyazi akalimba mtima kamodzi pamaso pa anthu, zinthu n'kukanika, amalakalaka nthaka itamubwereka kwa sabata. Anaima pomwepo, akupotokola chala pa nthambo ya magetsi.

Nthawi yomweyo galimoto ya boma inaima kutsidya kwa msewu, chifukwa khamu linali litatseka geti. Wina anali ataimbira a Welosi kuti makina awo akuthawa. Anatsika, n'kuponda fumbi koyamba chibwerereni kunja, n'kudzipanikiza pakati pa anthu. Anayendera mabawuti onse anayi, n'kupeza ali m'malo. Anafunsa ngati pali chimene chavuta. Ezelina, poona anthu onse aja, anati ayi, amangoitulutsa kuti iwombedwe mphepo. A Welosi anagwedeza mutu, n'kulamula anyamata kuti abweze tebulo. Khamu linatsatira tebulolo. A Welosi anatsanzika.

Galimoto inali kutali. Ezelina anawaperekeza.

Anawoloka msewu. Atafika pamtengo wa m'mbali mwa ngalande, Ezelina anaima. 

"Koma pali kamodzi, bwana."

Ananena zonse, mofulumira, akuyang'ana ngalande: za geti, za malata, za a Sandalamu ndi lole ya mawa, za zikuku zimene zikupita kukanyamula anthu a miyendo iwiriiwiri. A Welosi anavula magalasi n'kuwapukuta ndi tayi.

"Inenso pali kamodzi, achemwali. Ndinaona kuti ziro amene makinawa akuonetsa mfumu ndi wabodza tsiku loyamba lomwe. Mayi anga enieni anabwera kuno mwezi watha, n'kudinda pa Ndilibe, madzulo ake n'kundiuza pa siteji ya basi kuti alibe mankhwala. Koma nthawi zonse amandifunsa ndili m'nyumba yachifumu, ndipo mfumu siperekeza munthu."

"Nanga kusukulu kwanu kunja sanakuphunzitseni?"

"Anandiphunzitsa kufunsa anthu zimene akufuna. Sanandiuze kuti ndiziimika galimoto patali."

 Wokwera njinga wina anadutsa ndi mbuzi kumbuyo.

"Kusintha funso sindingathe," anatero a Welosi. "Funsolo linavomerezedwa ndi nduna zonse, lili ndi chidindo. Kuzula mabawuti ndi mlandu woukira ufumu. Koma lamulo likungoti munthu adinde yekha. Silikunena kuti akadinda zitanthauze chiyani." Anavalanso magalasi. "Inu muziyamba mwamuperekeza. Mukamva kamodzi kakeko, muzibwerera naye, muzilemba nokha kumbali imene iye sakuona. Iye azidinda pa Ndilibe monga mwa masiku onse. Makina aziona chala chokha, n'kutulutsa zimene mwalembazo."

"Ndiye kuti ndiziyenda kawiri."

"Nsapato sizili mu bajeti, achemwali. Pepani."

Anabwerera limodzi wapansi. A Welosi anakhala pa kompyuta, tayi ataponya paphewa, n'kugogoda mpaka dzuwa kupendeka. Kenako Ezelina anapita kukhumbi kukatenga a Sandalamu, amene anabwera akung'ung'udza kuti ndodo yayamba kuwatupitsa m'khwapa chifukwa cha maulendo opanda phindu. Anakhala pampando. Ezelina analemba mawu ochepa, galasi atalitembenuzira kwa iye mwini, kenako analibweza.

"Bambo, kodi muli ndi vuto?"

"Ndakuuza kale, mwana wanga. Ndilibe."

"Dindani."

Anadinda. Kompyuta inalira kamodzi, kenako inayamba kukhosomola m'mimba, phokoso limene palibe anali atalimvapo chiikireni. Kapepala kanatuluka pang'onopang'ono ngati lilime. A Fulaye, amene anali kuwodzera pakhomo ndi makiyi awo, anadzidzimuka. Anakawerenga kawiri, kukatembenuza, kukanunkhiza, kenako anapita kukatsekula. Loko anali atachita dzimbiri moti anachita kuthiramo mafuta ophikira.

Chikuku chinatuluka chonyezimira, matayala akununkha sitolo. A Sandalamu anachiyang'ana, manja ali pa ndodo.

"Ichi n'cha ndani?"

"Chanu, bambo."

"Ine ndapempha?"

"Ayi."

"Nonse mwamva kuti sindinapemphe?"

"Tamva," anatero a Welosi.

A Sandalamu anakwezanso maso kumalata, n'kuona kuti ndi ouma. Anadzikoka, n'kukhala m'chikukumo, n'kugogoda chitsulo chake ndi chikhadabo monga amachitira poyesa chidebe.

"Chitsulo chabwino. Popeza mwandikakamiza, kukana n'kupanda ulemu."

Loweruka m'mawa lole ya ku Kutalinkomwe inanyamuka, a Sandalamu ali pamwamba pa matumba a feteleza, atakhala m'chikuku chomangidwa ndi zingwe mbali zonse, akuyang'ana dziko ngati mwini wake. Itangokhota, galimoto ya kunyumba yachifumu inalowa. Asilikali anakweza zikuku, n'kuwerenga, n'kuwerenganso. Chimodzi chinkasowa. A Fulaye anaonetsa kapepala ka kompyuta, ndipo popeza kompyutayo inali maganizo a mfumu, panalibe amene akanaitsutsa.

Nduna zinakhala pa msonkhano Lamulungu lonse kukambirana kuti ayende pansi ndani. Ya Zachuma inati ili ndi nyamakazi. Ya Zamasewero inabwera ndi kalata ya dokotala. Pomaliza mfumu, imene inali ndi njala, inagamula kuti amene anawerenga zikuku ndiye adziwe kumene kwapita chinacho.

Lolemba anthu anandanda m'mbali mwa msewu wodutsa kumsika wa Onjezanipo. Ezelina anaima kumbuyo kwa azakhali ake, pamene sakanaoneka. Kunadutsa a bandi, kunadutsa galimoto ya mfumu, kenako nduna, imodzi pambuyo pa inzake, zitakhala m'zikuku, mimba zili pamaondo, asilikali akukankha. Zinkakweza manja kwa anthu mwaulemu. Kumapeto kwenikweni, patali ndithu, kunkabwera a Mpandamachokero wapansi, suti itanyowa ndi thukuta, lumo lawo lodulira maliboni likulendewera m'chiuno, nsapato imodzi ikuwaluma.

A Nankhoma anawayang'ana bwinobwino, n'kugwedeza mutu mokhutira.

"Musamanyoze boma, anthu inu," anatero mokweza. "Taonani, mmodzi wachira."